Usamumane dzira mwanayo usanafufuze

Mwana wanga,

Zithunzi za totupa ta pakhungu la mdzukulu wanga zafika. Foni yanga inayamba yakana kuzitsegula mpaka mnyamata wa aneba anadzaikonza, ndipo usiku wathawu ndakhala ndikuzikulitsa ndi zala kufikira maso atawawa. Ndasankha kulemba m'malo moimba, chifukwa pafoni iwe umathamanga, ine ndimathamanga, mayunitsi n'kutha tisanamvane. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba, ndipo bambo ako akadali ndi bondo lawo lija.

Totupato sitinandiopse kwenikweni. Chandisowetsa tulo ndi uthenga wako wachiwiri, woti wamusiyitsa mazira, nsinjiro, mkaka ndi usipa tsiku limodzi, chifukwa anzako a kumpingo ndi a pa Facebook akuti zikumuwenga. Mwana wa zaka ziwiri ukamuchotsera zinayi zimenezo, m'mbale mwake mutsala chiyani? Phala loyera ndi nsima ya msuzi wa tomato. Pa zaka zonse zimene ndinagwira kusikelo ya ana, amene ankandiswa mtima sanali a zidzolo ayi. Anali aja otupa mapazi, tsitsi litafiira, khungu likusendeka ngati penti wakale wa pakhoma. Ena mwa iwo kwawo kunali nkhuku, mtedza uli m'nkhokwe, koma wina anali atanena kuti mwanayu dzira silimuyanja.

Ziwengo za chakudya zilipo, sindikukana, ndipo mazira, mtedza, mkaka wa ng'ombe ndi nsomba zili m'gulu la zimene zimawenga ana kawirikawiri, pamodzi ndi soya ndi tirigu. Koma chiwengo chenicheni sichibisala. Mwana akadya, pamphindi zochepa, zikachedwa maola awiri asanathe, thupi limayankha: zidzolo zotukuka ngati wadutsa m'chitedze, milomo kapena zikope kutupa, mwina kusanza. Zidzolo zake zimayendayenda. Pamene zinali m'mawa, madzulo pasalala, zatulukira pena. Akadyanso chomwecho, zimabweranso. Tsono tadzifunsa. Phala la nsinjiro mwanayu analiyamba ali ndi miyezi 6. Likuni Phala, yemwe muli soya, wamudya. Dzira ndinamudyetsa ndekha pa Khirisimasi, anamaliza n'kulirira lina. Zinthu zimene wadya chaka ndi theka popanda vuto zayamba liti kumuwenga?

Mnzanga wina amene akadali pantchito anandiuza za kafukufuku wa madokotala a ku London, amene anatuluka mu 2015. Anatsatira ana oposa 600 amene anali kale ndi vuto la khungu kapena chiwengo cha dzira. Pa amene anayamba kudya mtedza akadali makanda n'kumapitiriza, odzawengedwa nawo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi pa amene anamanidwa. Ndinaseka, chifukwa agogo ako ankatsira nsinjiro m'phala osadziwa n'komwe kuti London ili mbali iti. Koma phunziro lake si loseketsa: kumana mwana chakudya nthawi yaitali popanda chifukwa kukhoza kuitana chiwengo chimene panalibe.

Pazithunzipo ine ndikuona khungu louma, lotuwa, lokhakhala, kuseri kwa mawondo, mopindikira mikono ndi pang'ono m'khosi. Amenewo ndi malo a chikanga. Mabuku amene tinaphunzira ankati chikanga chimafiira, koma olembawo ankayang'ana khungu la azungu. Pa ana athu pamangoda kapena kutuwa ngati phulusa, ndipo pokandidwa kwambiri pamakhuthala ngati chikopa. Sichipatsirana, choncho usamuletse kusewera ndi anzake. Chimatsata mtundu, ndipo chimayendera limodzi ndi mphumu komanso chimfine chija choyetsemula fumbi likauka. Usayang'ane kutali: amalume ako ndi a mphumu, iwenso Ogasiti aliyense unkakhala ndi mpango m'manja. Uwafunsenso akamwini za kwawo, koma mofatsa, zisamveke ngati ukuwaloza chala.

Khungu la chikanga lili ngati mtsuko wosapsa bwino: madzi amatuluka, ndipo chilichonse cholikhudza chimalowa. N'chifukwa chake ine ndisanaganize za m'mbale ndimayamba ndaganiza za m'bafa. Wasintha sopo mwezi uno? Sopo wonunkhira, sopo waufa wotsalira m'zovala zosatsukuluzidwa bwino, madzi onunkhiritsa zovala aja, mankhwala ophera tizilombo amene mumathira m'beseni madzi n'kuyera ngati mkaka, zonsezi zimaputa khungu lotere. Onjezapo chinkhupule, tizovala ta nayiloni, za pakaunjika zovekedwa zisanachapidwe, thukuta la nyengo ino ndi fumbi la ku Lilongweko. Amayi ambiri akaona mwana akukanda amaganiza kuti ndi litsiro, ndiye amawonjezera sopo ndi kukhula, osadziwa kuti akukolezera moto.

Chita chonchi. Musambitse kamodzi patsiku, ndi madzi ofunda osati otentha, mphindi zochepa chabe. Sopo wopanda fungo afike m'khwapa, m'mphechepeche ndi m'manja, kwinako madzi okha akwana. Pomupukuta uzingogunditsa thaulo, osakwecha, ndipo thupi likadali lachinyezi mudzoze Vaseline wopanda fungo, wambiri, mpaka anyezimire. Ubwereze masana ndi pogona. Muveke zathonje, zomasuka. Ndipo kuwenga kumene ine ndikulamula ndi kwa zikhadabo: uzimuwenga kawiri pasabata, chifukwa zilonda zambiri za chikanga mwana amadzipanga yekha ali m'tulo. Pamene pakula kwambiri, kuchipatala akhoza kukupatsa hydrocortisone wa 1 peresenti woti uzipaka mopyapyala kwa masiku angapo. Ameneyo usamuope ukamatsata zimene akuuza.

Komatu chithunzi chimanamiza, ndipo ine ndinanamizidwapo ndi maso anga omwe, mwana ali pamiyendo panga. Nkhaniyi sindinakuuzepo chifukwa cha manyazi. Mchimwene wako asanakwanitse zaka ziwiri anayamba kukanda usiku, kulira mpaka tambala woyamba. Ine, ndi yunifolomu yanga yoyera, ndinagamula kuti ndi mkaka wa ng'ombe, n'kumusiyitsa. Sizinasinthe. Ndinachotsa mazira. Inatha miyezi iwiri, mzere wa pakhadi lake la sikelo unayamba kugona. Kenako kunabwera apongozi anga, amene sanapondepo m'kalasi. Anamunyamula, n'kumutambasula tizala m'modzim'modzi, akuyang'ana m'mipata. Atatero anatembenukira kwa ine nati, "Nanga inu amayi, padzanjapo mukukandapo chiyani?" Zinali mphere. Tonse m'nyumbamo tinali nazo, aliyense akukanda mwakachetechete. Anabwera nazo msuweni wako uja pochokera kusukulu yogonera komweko, ndipo ankafunda bulangete limodzi ndi mwanayo.

Ndiye usanavomereze mawu anga a chikanga, chita zimene anachita agogo akowo. Mphere ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira mkati. Kuyabwa kwake kumakula usiku. Yang'ana m'mipata ya zala, povala wotchi, m'khwapa, pamchombo, m'matako, ndipo kwa mwana wamng'ono chonchi yang'ananso m'zikhatho ndi kunsi kwa mapazi. Funso lalikulu n'lakuti: ndani winanso akukanda m'nyumbamo? Mufunse mtsikana wolera mwanayo, mwaulemu, pakuti mphere sizisankha nyumba ndipo si umboni wa uve. Ufunsenso kusukulu yamkaka. Munthu akhoza kuzitenga n'kutha mwezi asanayambe kumva kuyabwa, choncho zikapezeka, mankhwala adzole onse a m'nyumba tsiku limodzi, ngakhale amene akuti alibe. Kuchipatala amapereka benzyl benzoate, ndipo wa ana amafunika kusungunula chifukwa amawotcha, ndiye ufunse muyeso wake. Zovala ndi zofunda zichapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa. Kuyabwa kumapitirira sabata ziwiri kapena kuposerapo tizilombo titafa kale, usaganize kuti mankhwala sanagwire.

Zina ndingozitchula kuti uzizidziwa. Chipere chimapanga bwalo, m'mphepete motukuka, pakati posalala. Chikakhala m'mutu tsitsi limathothoka, ndipo cha m'mutucho chimafuna mankhwala akumwa kwa sabata zingapo, opaka okha sachitha. Totupa ting'onoting'ono ta m'khosi ndi kumsana nyengo ino kawirikawiri n'ta thukuta, ndipo ndimakudziwa, umamuveka mwanayo ngati muli ku Dedza mu Juni. Zolumidwa ndi nsikidzi kapena utitiri zimakhala m'magulumagulu, pamalo amene chovala sichifika. Tembenuza matiresi uyang'ane m'misoko. Mango ayamba kupsa, ndipo utomoni ndi khungu lake zimatupitsa ana ena kuzungulira pakamwa. Uzimusendera, osati kumuletsa. Mvula ikagwa samala ndi mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa zovala zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ndipo mwana amatuluka chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Ukamata Vaseline pakabowopo, mphutsiyo imasowa mpweya n'kusuzumira yokha. Yanika pachingwe, padzuwa, ndipo usite chilichonse, ngakhale tikabudula tamkati.

Pali chimodzi chimene ndikukuletsa ndithu: timachubu ta pamsika tija, makamaka toyeretsa khungu. Ambiri mwa mafuta amenewo muli mankhwala amphamvu kwambiri. Masiku atatu oyamba mwana amasalala, iwe n'kumayamika, kenako khungu limapyapyala, ndipo ngati chinali chipere chimafalikira n'kusintha maonekedwe, moti ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira. Mphini ndi zitsamba zopaka pa khungu losweka nazonso ayi. Wina akayamba kunong'ona za tsempho, usalole kuti khungu la mwana lisanduke mlandu wa pakati pa iwe ndi amuna ako.

Tsopano izi uziwerenge kawiri, ndipo uwawerengerenso akamwini ndi mtsikana wolerayo. Mwana akatupa milomo, lilime kapena nkhope, akayamba kubanika, kupuma kukumveka ngati likhweru, mawu atasasa, akusanza mobwerezabwereza kapena atangolefukiratu, musadikire kuti kuche, musayambe mwaimbira ine. Thamangirani kuchipatala chapafupi. Chimene chimapulumutsa pamenepo ndi jakisoni wa adrenaline. Piriton amangoziziritsa kuyabwa, satsegula kukhosi. Zidzolo zikabwera ndi kutentha thupi, pitaninso tsiku lomwelo, akamuyezenso malungo. Zikakhala ndi chifuwa ndi maso ofiira, timaganizira chikuku, ndiye tatsegula buku lake lakuchipatala uone ngati analandira katemera onse awiri, wa pa miyezi 9 ndi wa pa miyezi 15. Zikatuluka ali pa mankhwala monga Bactrim kapena amoxicillin, makamaka mkamwa mukachita zilonda kapena khungu likachita matuza, musiyitse ndipo upite naye msanga, ukawapemphe alembe dzina la mankhwalawo m'bukumo kuti asadzampatsenso. Pokandidwa paja pakayamba mafinya kapena nkhanambo zachikasu ngati uchi wouma, ndiye kuti palowa tizilombo tina, Vaseline yekha sangathe.

Ngati palibe chilichonse mwa zimenezi, gula kope la ana asukulu. Tsiku lililonse uzilemba zimene wadya, sopo amene wasambira, zimene wavala, kumene wasewera ndi nthawi imene wakanda kwambiri. Uzisintha chinthu chimodzi, n'kudikira sabata yathunthu usanasinthe china. Ukasintha zisanu pakamodzi mwana n'kupeza bwino, udziwa bwanji chimene chinkamuvuta? Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikanayambira pa sopo.

Zakudyazo zibwerere sabata ino, chimodzichimodzi. Yamba ndi dzira lophika bwino, pang'ono, m'mawa, tsiku limene uli pakhomo kuti umuyang'anire kwa maola awiri. Pakapita masiku awiri kapena atatu bweretsa nsinjiro, kenako usipa, kenako mkaka. Pokhapokha ngati pali chakudya chimene chinamutupitsapo milomo kapena kumubanikitsa, chimene sunandiuze. Chimenecho usachiyese wekha kunyumba, ayambe wamuona dokotala. Zikatha sabata ziwiri ukudzoza mokhulupirika koma osaona kusintha, pita kuchipatala ukapemphe kuti akutumize kwa a zakhungu ku Kamuzu Central, kope lija lili m'manja.

Amalume ako akubwera kumeneko Lachisanu, ndawapatsira ufa woyera ndi nsinjiro zimene ndasinja ndekha. Mawa kukacha mutulutse mwanayo pabwalo, chifukwa zithunzi zojambula ndi getsi la m'nyumba sizionetsa bwino. Unditumizire manja ake, tizala titatambasulidwa, ndi kunsi kwa mapazi. Ujambulenso manja ako, ndi a akamwini akalola.

Bambo ako akupereka moni.

Ndine mayi ako.