Kalata kwa a Doug Ford: umeya munaluza, koma mzinda simunausiye

Olemekezeka a Ford, mtsogoleri wa boma la chigawo cha Ontario,

Ndine mmodzi mwa ovota a mumzinda wa Toronto, likulu la chigawo chanu, ndipo ndale zanu ndazitsatira kuyambira 2010, pamene munapambana ukhansala ku wodi ya Etobicoke North, mng'ono wanu Rob akutenga umeya.

Mu 2014 Rob atadwala, inu munaima m'malo mwake pa chisankho cha umeya. Simunachite manyazi ayi: munapeza mavoti pafupifupi 34 pa 100 aliwonse. Koma a John Tory ndiwo anapambana. Mzinda unakufunsani, munayankha, ndipo unasankha wina.

Kuchigawo zinthu zakuyenderani. Mu 2018 chipani chanu chinatenga mipando 76 mwa 124, ndipo munapambananso mu 2022 ndi 2025. Katatu kotsatizana si masewera, ndipo pamenepo ndikuvulirani chipewa.

Chondivuta ndi zimene munachita mutangolowa ku Queen's Park, kunyumba ya malamulo ya Ontario. Kampeni ya makhansala ya 2018 ili mkati, anthu atalembetsa kale mayina ndi kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, munadula mawodi a Toronto kuchoka pa 47 kufika pa 25. Khoti lalikulu la Canada linakuvomerezani mu 2021, koma oweruza anagawanika, asanu kwa anayi. Lamulo linali mbali yanu, inde. Nanga ulemu kwa ovota? Khansala amene kale tinkamupeza mosavuta, lero ali ndi anthu oposa 100,000 oti awamvere, ndipo ukaimba foni pa nkhani ya msewu kapena zinyalala umadikira mpaka kutopa.

Mu 2022 munapatsa meya mphamvu zoti pa nkhani zina apititse lamulo ngakhale limodzi mwa magawo atatu okha a khonsolo atavomera. Mu 2024 munafikanso pa tinjira ta njinga ta m'misewu ya Bloor, Yonge ndi University, kufuna kuti tichotsedwe. Chigawo chonsechi, ndi zipatala zake zodzaza, mtsogoleri wake n'kumalimbana ndi kanjira ka njinga!

Ndikufunseni mosabisa, bwana: pamene tikuvotera makhansala ndi meya, tikusankha anthu oyendetsa mzinda, kapena ongodikira kumva zimene inu mwagamula? Ngati mtima wanu udakali ku City Hall, kulikulu la khonsolo ya mzinda wathu, zisankho za umeya zimachitika zaka zinayi zilizonse. Kalembetseni, tidzakumane pamzere.

Ine wanu,
Wovota wa ku Toronto