Zimene Alatino a ku America angaphunzitse Mangochi

A Mkonzi,

Tiloleni tithirire ndemanga pa nkhani ya Alatino, anthu okhala ku United States amene kwawo kapena kwa makolo awo ndi ku Mexico, Cuba, Puerto Rico, El Salvador ndi maiko ena a chigawo chimenecho. Nkhaniyi ikuoneka yakutali, koma kuno ku Mangochi, kumene midzi yambiri ili ndi ana ku Joni, ndi yathu ndithu.

Mu 1980 Alatino analipo 14.6 miliyoni. Kalembera wa 2020 anapeza 62 miliyoni, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse m'dzikolo. Ambiri amaganiza kuti akuchuluka chifukwa cholumpha malire, chonsecho masiku ano chiwerengero chikukwera kwambiri ndi ana obadwira komweko.

Pa ndale, kuchuluka pakokha sikunawapatse mphamvu. Pa chisankho cha 2024 oyenera kuvota anali 36 miliyoni, poti ena ndi ana, ena alibe unzika, ndipo mwa oyenerawo amene amakaponyadi voti amakhala ngati theka. Savoteranso chipani chimodzi: Donald Trump anatola mavoti oposa 40 pa 100 alionse a Alatino, n'chifukwa chake zipani zonse ziwiri zimawanyengerera. Lero mwa Alatino otchuka, Marco Rubio ndi nduna yoona za maiko akunja, Sonia Sotomayor ali m'bwalo lalikulu la milandu kuyambira 2009.

Pamene pali phunziro lenileni ndi pa ndalama. Mu 2023 Mexico inalandira madola 63 biliyoni kuchokera kwa ana ake akunja. Nawonso anayamba movutika. Pa mgwirizano wa Bracero, wa 1942 mpaka 1964, amuna ankapita kukagwira ntchito m'minda ya ku America, ndipo m'zaka zoyambirira ankadulidwa 10 pa 100 ya malipiro ati akalandire kwawo. Ambiri anakalamba akudikira. Agogo athu a Theba nkhani yotere akuidziwa bwino.

Chimene a ku Mexico anachita mwanzeru ndi ndondomeko ya Tres por Uno (kutanthauza zitatu pa chimodzi), imene inayambira m'chigawo cha Zacatecas n'kufalikira dziko lonse mu 2002. Anthu a mudzi umodzi okhala ku Chicago kapena Los Angeles ankapanga kalabu, n'kuilembetsa ku ofesi ya kazembe. Kalabuyo inkasankha ntchito, kaya msewu, madzi, magetsi kapena sukulu, n'kusonkha gawo limodzi mwa magawo anayi a mtengo wake. Boma lalikulu, boma la chigawo ndi khonsolo aliyense ankaika ndalama yofanana ndi ya kalabu. Komiti yovomereza ntchito inkakhala ndi nthumwi za mbali zonse zinayi, kotero wosonkha anali ndi mawu.

Zolakwika zinalipo, ndipo tizidziwiretu. Ntchito zinkapita kumene kuli matchona ambiri, osati kumene kuli umphawi waukulu. Makhonsolo osauka ankalephera kupereka gawo lawo, ntchito n'kuima panjira. Andale ankakondera madera owavotera. Pena chinthu chinkamangidwa popanda woti adzachisamale. Ndipo boma litasintha, ndondomekoyi inasiya kulandira ndalama.

Kuno ndalama za ku Joni zikubwera pa Mukuru n'kuthera pa chimanga, feteleza, malata ndi njinga zamoto. Sitikunyoza, banja liyenera kudya. Koma mijigo ya ku Makanjira, Katuli ndi Namwera sikupindula nazo. Tikupempha khonsolo yathu iyese pang'ono m'dera la mfumu yaikulu imodzi. Magulu a anyamata athu ku Joni, amene amasonkherana kale pa maliro, alembetsedwe. Ntchito isankhidwe kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi (VDC) ndi a dera (ADC). Ndalama zikhale mu akaunti yapadera yosayinira anthu atatu, mmodzi wa kalabu, ndipo khonsolo iziyamba ndiyo kuika gawo lake, kontrakitala azilipidwa ntchito ikaoneka. Gawo lina lipatulidwiretu lokonzetsera zikawonongeka.

Boma nalo lifulumizitse mapasipoti. Mnyamata wopanda mapepala sangayerekeze kukalembetsa dzina lake ku ofesi ya kazembe ku Pretoria.

Owerenga anu,
Mangochi