Za chiCorolla chanu cha mpikisano chija

Amwene,

Zithunzi zija ndaziona, ndinachita kuzikulitsa pa foni mpaka anyamata a pa galaja kuunjikana ngati pali mpira. Ndiye mukuti chiCorolla chimenechi ndi chomwe mukufuna chikathamange masiku awiri pa bwalo la mpikisano la Gingerman, ku Michigan? Ndinaseka kaye, osati mwachipongwe, kungoti ndinakumbuka tsiku lija munkalimbana ndi nati ya tayala pa Chinamwali, kudumphira sipanala ndi miyendo yonse koma mukumanga m'malo momasula. Lero ndinu a timu ya mpikisano, dziko ndi lozungulira ndithu.

Malamulo a 24 Hours of Lemons aja ndawawerenga mpaka bando kutha. Anthuwa ndi a nthabwala eti, dzina lenilenilo akugemula mpikisano wa maola 24 wa Le Mans wa ku France womwe unayamba 1923, poti kwanuko galimoto yongokhalira kuvuta amati ndi ndimu. Iwo anayamba 2006 ku California ndipo lamulo lawo lotchuka ndi lija loti galimoto isapose madola 500, ukabera majaji amakudula maraundi. Koma pali pomwe inu munawerenga mothamanga, mabuleki, matayala, lamba, mpando ndi keji ya zitsulo ya mkati ija sizilowa mu 500 imeneyo chifukwa ndi zachitetezo. Ndiye ndikudabwa kuti voisi noti yanu yonse ya mphindi 7 ndi nkhani ya ekizozi yolira ndi kuwonjezera mphamvu ya injini, za mabuleki olo kamodzi.

Injiniyo isiyeni momwe Toyota anaipangira. Galimoto ikagona pa jeke mphindi 40 anzanu akuzungulira, liwiro lomwe mwawonjezeralo silingabweze maraundi amenewo.

Mabuleki ndiyankhulapo kwambiri chifukwa anatsala pang'ono kundipha. Chaka chatha ndimatsika Ku Chawe ndi pikapu ya kasitomala itasenza matabwa, mukudziwa makhotakhota ake aja, ndimangoponda ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, kenako ndikumva fungo ngati wina akuwotcha nsapato, kuponda kachikena pedulo yangolowa phwii mpaka pansi ngati ndaponda nthochi yakupsa. Ndinapopa kanayi, kugwetsera giya mu sekondi, kukoka handibuleki pang'onopang'ono mpaka kukaima m'mbali mwa ngalande miyendo ikunjenjemera. Mapadi anali bwinobwino. Vuto linali mafuta a mabuleki, titatsegula kabotolo anali akuda bii ngati tiyi wopanda mkaka. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi akamakalamba, a mtundu wa DOT 4 atsopano amawira pa madigiri 230 kupita m'mwamba koma akamwa madzi amatsika kufika cha m'ma 155, ndiye akawira mu payipi mumadzaza nthunzi, ndipo nthunzi ukaiponda imangofinyika osagwira kanthu. Phiri limodzi lokha linachita zimenezo, nanga inu amene muziponda mwamphamvu pa kona iliyonse tsiku lonse? Khetsani onse akalewo, thirani a mpikisano ochokera mu botolo losatsegula, mapadi mugule opirira moto ndipo ena apadera akhale mu bokosi. Mapayipi a labala aja akaoneka ming'alu musachite kukambirana.

Kenako madzi. Radiyeta yakale imaoneka yabwino kunja koma mkati muli dzimbiri ngati mpopi wa ku Sadzi. Ikani yatsopano, pampu ya madzi, femositati, chivindikiro, mahozi onse ndi makilampu ake. Pa chithunzi chachitatu hozi ya m'munsi yatupa pafupi ndi kilampu, imeneyo siifika masana. Ndaonanso kuti a mpikisanowo salola kulanti wa glycol chifukwa akatayikira pa phula amaterera ngati therere, ndiye ndi madzi okha, koma mukabwerako muwakhetse, kuzizira kwa kwanuko ku Indiana kungang'ambe buloko. Ife kuno zimenezo sitizidziwa, June wa pa phiri amangotilanda tulo basi.

Oyilo naye ali ndi khalidwe lake pa mpikisano. Pa kona yaitali amathawira mbali imodzi ya sampu, pampu nkumayamwa mpweya, mabering'i nkuyamba kugogoda ngati mlendo wa usiku. Owotcherera keji akuikireni timalata totchinga mu sampu, ndipo dalaivala aliyense akamatsika wina azisolola dipisitiki. Kejiyo tsono musapatse mnzanu woti anaphunzira kuwotcherera pa YouTube, si mageti a ku Mpondabwino awa, mutu wanu ukhala m'menemo.

Chomwe chimagwetsa magalimoto ambiri ndi tinthu tochititsa manyazi, bawuti yomasuka, waya wokhuzana ndi ekizozi, batire yovina chifukwa anaimanga ndi chingwe. Ine pa galaja ndimati bawuti ukamanga uike kadontho ka penti yoyera kuchokera pa mutu wake kufika pa chitsulo, ikasuntha mzere umasemphana ndipo umaona ndi maso osagwira sipanala. Yendani galimoto yonse choncho, kuyambira ma hub akutsogolo. Gwedezani tayala lililonse lili m'mwamba, mukamva kakuti gwede sinthani bering'i lero lomwe. Kuno tikanati tipite ku Ndirande tikasake yakale, inu muli ndi mashopu oti mukaitanitsa m'mawa madzulo yafika, ndiye musandiuze zoti nthawi inachepa.

Ikatha ntchito iyendetseni maola angapo isanakwere thirela, itenthe bwinobwino, zodontha zidonthere pakhomo. Muyesererenso kutuluka mwachangu mutamanga malamba onse ndi chipewa kumutu, makamaka inuyo, mimba ija ndaiona pa chithunzi.

Kuno tili bwino, kungoti mizere ya mafuta yatitopetsa, inu mukukawotcha petulo pongozungulira malo amodzi, ndikawauza amayi anu akomoka. Ndinawaona Lamulungu ku tchalitchi, akuti muziimba foni. Mukamatumiza katundu wa December muponyemo torque wrench imodzi, sipanala ija yoyeza mphamvu yomangira bawuti, yanga inabwerekedwa ndi munthu wa ku Thondwe chaka chatha mpaka lero akuti mawa. Munditumizirenso chithunzi cha pansi pa galimoto, mbali ya thanki, pali chinachake chikulendewera chomwe sindikuchimvetsa.

Ndine wanu,
wa ku Matawale