Amayi, parafiniyo ayi chonde

Amayi,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi ana kumeneko, ine kuno ku Joni ndili bwino kungoti kuzizira kwa Juni uno sikwamasewera, m'mawa podikira taxi zala zimachita kuuma. Iwe mng'ono wanga amene wagwira foniyo, uwawerengere amayi zonse mpaka kumapeto usadumphe olo italike bwanji, ndalemba dala m'malo mojambula mawu kuti mukaiwala pena muzibwereranso.

Uthenga wanu wa dzana ndinaumvera mu taxi ndikuchokera kuntchito ku Randburg, ndipo mutangonena kuti mtsikana wanga ali ndi nsabwe, kuti anthu akukuuzani mumupake parafini, ena akuti musungunule Actellic wotsala wa chimanga uja mumutsuke naye kumutu, mtima wanga unangoti myuu, mpaka ndinapitirira posikira. Amayi ndagwira mwendo wanu musachite zimenezo. Inu nomwe mukukumbukira ine ndili Sitandade 3 pomwe azakhali anandipaka parafini nkundimanga duku usiku onse, m'mawa khungu la kuseri kwa makutu linali litatupa matuza, linasupuka lonse, chipsera chake ndikuchigwira pano ndikulemba. Nsabwezo patapita sabata ziwiri zinabweranso. Ndiye ganizani mwana wonunkha parafini kumutu akuweramira pamoto kukoleza, kapena wakhala pafupi ndi koloboyi akulemba homuweki, kamphindi kamodzi basi tsitsi lagwira moto. Ine ndili kutali kuno ndingatani.

Za Actellic ndiye musayerekeze nkomwe, amenewo ndi a anankafumbwe, Doom nayenso ayi, dibi wa ng'ombe ayi, mankhwala a mbewu za kudimba ayi. Zinthu zimenezi zimalowa m'thupi kudzera pakhungu, nanji pamutu pomwe mwana wadzikanda kale pali timabala. Kuno mu Okutobala 2024 ku Naledi ku Soweto kunamwalira ana 6, ataunika anapeza kuti ndi poizoni wotchedwa terbufos, mankhwala a kumunda amene anthu amagulitsana mumsewu kuti aziphera makoswe. Iwo aja sikuti anapakidwa kumutu ayi, koma chichokereni nthawi imeneyo ine ndikangomva mankhwala a tizilombo ndi mwana mu chiganizo chimodzi thupi limachita tsemwe. Botolo lotsalalo likwere pamwamba pomwe ana safikira.

China, ndamva m'mawu mwanu muja ngati mukuchita manyazi, mumvekere anthu aziti agogo ake sakumusambitsa. Amayi musadzizunze, ndikudziwa mmene mumawasamalira ana anga, ndipo nsabwe za kumutu sizisankha waukhondo kapena wauve. Ana awiri a kuntchito kwanga kuno, amene amasamba m'bafa tsiku ndi tsiku ndi shampu wodula, chaka chatha anabwera nazo kuchokera kusukulu onse awiri. Mwina inu mukukumbukira zija za m'misoko ya zovala za nthawi ya mavuto, zimenezo ndi zina. Izi zimakhala pamutu basi, zimayamwa magazi, siziuluka, sizidumpha ngati nthata, zimangokwawa kuchoka pamutu wina kupita pa wina ana akagundanitsa mitu posewera, pogona mphasa imodzi, kapena pokhala mothithikana m'kalasi mmene amakhalira kwathuko. Sizichokera kwa galu kapena ku nkhuku, za m'khola la nkhuku zija ndi utitiri. Nde musamukalipire mwanayo ndipo alongo ake asamuseke, ndimamudziwa mtima wake amangosungira m'kati osalankhula.

Mmene ndinaphunzirira ine ndi mmenemu. Madamu anakagula ku famase kachipeso ka mano achitsulo othinana kwambiri, ntchito yopesa inagwera ine. Kamtsikana kaja ndinakakhazika pa stulu pafupi ndi windo, tsitsi lonyowa nditalipaka conditioner wambiri, nditadutsitsa chipeso koyamba nkupukutira pa tishu yoyera ndinaona zitatu zikuphiriphitha, kukula ngati nthangala ya chitowe, imodzi yofiirira itakhuta magazi. Ndinaziphwanya pakati pa zikhadabo ngati mmene ankachitira agogo pakhonde paja. Ndinaganiza kuti basi zatha, koma a ku famase anali atawauza madamu kuti kupesa tsiku limodzi nkungotaya nthawi chifukwa nkhani yaikulu ndi mazira. Nsabwe yaikazi imaikira mazira tsiku lililonse ndipo imatha kukhala ndi moyo pafupifupi mwezi pamutu, mazirawo imawamata zolimba patsitsi pafupi ndi khungu, kusamba sachoka. Amaswa pakatha masiku 7 mpaka 10, tiana take natonso timatenga sabata ndi masiku kuti tikule tiyambe kuikira. Ndiye nzeru yake ndi yoti uzibwerezabwereza kupesa, ukugwira tomwe taswa tisanakule. Nchifukwa chake ine zija za parafini zinabweranso, mazira anali phee pomwepo.

Tsopano tsitsi lathu si la ana a madamu, chipeso chothina chija sichingadutse likakhala louma, mwana angalire mpaka kuthawa. Muyambe mwamumasula zoluka zonse, mumutsuke ndi sopo wamba, tsitsi likadali lonyowa mulipake mafuta ophikira omwewa, ochuluka ndithu mpaka lifewe liziterera, musaumire ndatumiza ndalama ya botolo lina pa Mukuru. Vaseline amathekanso koma amavuta kutsuka, mungathe sopo. Kenako muyambe ndi chipeso chachikulu kuwongola, mugawe tsitsilo tizigawo ting'onoting'ono ngati mukufuna kuluka, muzimanga ndi ulusi, nde muzitenga kachigawo kamodzi kamodzi, chipeso cha mano othinana chiyambire pakhungu penipeni kukokera kunsonga, mukakoka kamodzi pukutirani pa kansalu koyera muone chatuluka. Mukhale panja dzuwa likuwala osati madzulo ndi tochi. Muyang'anitsitse kunkhongo ndi kuseri kwa makutu, ndi komwe zimakonda. Mazira amene chipeso chawasiya muziwasolola ndi zikhadabo, ndipo kuti musasokoneze ndi mfundu, mfundu ukaukhudza umayoyoka koma dzira limakakamira mpaka ulikoke kutsata tsitsi. Maso a amayi atopa, ntchito imeneyi ndi yako iwe mng'ono wanga, amayi azingomugwira mwanayo kumucheza asatope, chifukwa ola lonse litha kutha.

Masiku ake ndi awa, ulembe pa kalendala ya kutchalitchi ija. Mukayamba Lamulungu likubwerali limenelo ndi tsiku 1, mubwereze Lachinayi lomwe ndi tsiku 5, kenako Lolemba tsiku 9, kenako Lachisanu tsiku 13, ndipo Lachiwiri lotsatira tsiku 17 mupesenso kungofuna kuona ngati kwatsala yamoyo. Ndikudziwa pofika kachitatu mudzaona kansalu kali mbee mudzati basi zatha. Musasiye, ine kuntchito ndinatsala pang'ono kusiya pa tsiku 9 ndipo ndi tsiku lomwelo ndinapeza tiwiri tating'ono ngati fumbi.

Mafutawo ndinene zoona, sikuti ndi mankhwala opha. Amangozifooketsa kuti zisathawe chipeso komanso kufewetsa tsitsi, mazira sawapha. Amene akugwira ntchito ndi chipeso ndi manja anu. Za masamba a nimu munanena zija sindikukanizani, mtengo uli pakhomo pomwepo, mutha kuwiritsa madziwo akazizira nkumutsukira bola asalowe m'maso ndipo asamwe, koma musati poti tatsuka ndi nimu nde kupesa tisiye. Viniga ena kuno amamutama kuti amamasula mazira, ine ndinayesa sindinaone kusiyana, ndipo pamutu pa timabala amanyerenyetsa mwana kulira. Tsabola, fodya, adyo, zonsezo ayi, zimangowotcha khungu. Ndipo wina asakuuzeni kuti mukamupaka mafuta mumuveke jumbo kumutu agone nayo, jumbo itha kutsetserekera kumaso ali mtulo nkumutseka mpweya. Ngati mukufuna mafuta akhalitse mumumange kansalu masana muli naye pafupi.

Mnyamatayo ndiye musavutike naye, akamete mpala basi, nsabwe popanda tsitsi zilibe pogwira. Koma lezala ikhale yatsopano yakeyake osabwerekana ndi ana ena. Mtsikanayo mumufunse kaye. Ndikudziwa kumeta ndi njira yachidule ndipo kusukulu amafuna lalifupi kale, akavomera yekha mumete palibe vuto limeranso, koma musamugwire mokakamiza ngati walakwa. Pa holide yapita anandionetsa pa vidiyo mmene unamulukira iwe, akutembenuka uku ndi uku kuti ndione kumbuyo, ndinalira nditadula foni. Akati ayi, chepetsani ndi sizasi pang'ono kuti kupesa kuphweke.

Paja amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, nde pano ndi zenizeni. Mukapesa mmodzi nkusiya anzake ogona naye mphasa imodzi, mawa zabwerera. Lamulungu lomwelo muwaunike onse a m'nyumbamo, iwe ndi amayi muunikanenso, amene wapezeka ndi yamoyo ayambe tsiku lomwelo. Kakhanda kako usakapake kalikonse, kungokayang'ana ndi kachipeso mofatsa. Ana a kwa amalume amene amasewera nawo aja, lankhulani ndi mayi awo mwaulemu osati ngati mukuwaloza chala, mungowauza kuti kwathu zapezeka tiyeni tiunike tonse, chipeso chikafika muzibwerekana mutachiviika kaye m'madzi otentha kwa mphindi 10.

Zogonera musachite kutentha kapena kutaya. Nsabwe ikachoka pamutu siyipitirira masiku awiri, imafa ndi njala. Zitenje zofunda, maduku, zipewa ndi nsalu za mapilo zomwe wagwiritsa ntchito masiku awiri apitawa muziviike m'madzi otentha oti simungapisemo dzanja, muyanike padzuwa, mukafuna musite ndi simbi yamakala. Mabulangete ndi mphasa padzuwa tsiku lonse zakwana. Kupopera m'nyumba sikofunika.

Chomwe ndikufuna muyang'anitsitse ndi zilonda. Mwanena kuti akudzikanda usiku mpaka kulephera kugona, nde mumuwenge zikhadabo lero lomwe. Kuyabwako kumatha kupitirira masiku angapo olo nsabwe zitatha, musadabwe. Koma mukaona timabala tayamba kutuluka mafinya, kapena nkhanambo zachikasu, kapena mwanabere m'khosi kapena kunkhongo, kapena thupi latentha, musadikire kundifunsa ine, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ya kabaza ndibweza. Mukaonanso kuti pena tsitsi lathothoka mozungulira chimenecho chingakhale chipere, ndi matenda ena ofuna mankhwala akuchipatala, mafuta ndi chipeso sizithandiza. Ndipo ngati pa tsiku 17 mwapezabe zamoyo, kafunseni kuchipatala komweko kapena ku famase pa boma, alipo mankhwala opangidwira pamutu pa munthu, amapaka kawiri motalikana ndi sabata, iwo akuuzani oyenera msinkhu wake.

Zipeso zachitsulozo ndagula ziwiri, ndaziika mu chikwama chomwe ndapereka kwa transipota wathu uja pamodzi ndi majuzi a ana, sopo ndi botolo la conditioner, zili m'thumba la m'kati ndazikulunga mu sokosi yabuluu. Anyamuka Lachisanu, zikayenda bwino pa Beitbridge ndi pa Mwanza akuimbirani akamafika pa Zalewa. Koma musadikire katunduyo, yambani Lamulungu ndi kachipeso kapulasitiki ka mano ang'onoang'ono kopezeka pamsika, zikhadabo zithandizire.

Lamulungulo ndili off, ndiimba pa vidiyo cha m'ma 2 koloko dzuwa likadalipo, iwe udzachajiretu foni ndipo ya bandulo ili mu ndalama yomweyo. Ndikufuna ndidzaone ndekha kunkhongo kwake, ndipo ndidzakhala ndikucheza naye inu mukupesa. Mumuuze kuti nane ndinadwalapo zimenezi ndili ngati iyeyo.

Moni kwa amalume ndi onse pakhomopo.

Ndine mwana wanu,
kuno ku Johannesburg