Ufulu wa amayi a ku Syria tisauyese ndi mpango wakumutu wokha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule pang'ono za mmene nkhani ya dziko la Syria ikufikira kwa ife owerenga. Chigwereni boma la Bashar al-Assad pa 8 Disembala 2024, pafupifupi zonse zimene timamva ndi za munthu mmodzi, Ahmed al-Sharaa, amene anatenga utsogoleri wa dzikolo. Akuti wavula zankhondo wavala suti, wakumana ndi Donald Trump ku Riyadh, walankhula ku United Nations, walandiridwa ku White House. Za amayi ndi atsikana a dzikolo timangozimva pakabuka mkangano wa kavalidwe, kapena ngati muja zinachitikira pa 3 Januwale 2025, pamene al-Sharaa sanagwire chanza nduna yoona za kunja ya Germany, mayi Annalena Baerbock, koma anagwira mnzake wamwamuna wa ku France. Dziko lonse linatsutsana za chanza chimenecho kwa masiku angapo. Ine ndikuona kuti tikuyang'ana polakwika. Tsogolo la amayi a ku Syria likugamulidwa m'malamulo a banja, m'makhothi, kupolisi ndi pamipando yaulamuliro, ndipo kumeneko zinthu sizikuyenda bwino.

Mantha amene amayi ambiri anali nawo tsiku limene Damascus, likulu la dzikolo, inalandidwa sanali ongopeka. Gulu la al-Sharaa limene linatsogolera nkhondo yogwetsa Assad, Hayat Tahrir al-Sham, linachokera ku gulu la Nusra Front, lomwe linali nthambi ya al-Qaeda mpaka 2016. Kuyambira 2017 gululi linali ndi boma lakelake m'chigawo cha Idlib, ndipo m'boma limenelo simunakhalepo nduna yachizimayi. Amuna omwewo ndi amene anabwera kudzagwirizira maunduna ku Damascus. Amene anamupatsa unduna wa zachilungamo, Shadi al-Waisi, anazindikirika m'makanema a 2015 akuyang'anira kuphedwa kwa amayi awiri pagulu ku Idlib, powaganizira uhule. Mayi wina wagwada pansi, anthu amfuti amuzungulira, chigamulo chikuwerengedwa. Munthu wotero kumuika woyang'anira makhothi a dziko lonse, amayi angagone tulo bwanji?

Pasakhale wina woganiza kuti ndikulira boma la Assad. Banja limenelo linalamula kuyambira 1970, ndipo linkadziwa kudzikometsa pamaso pa azungu. Linali ndi wachiwiri kwa pulezidenti wachizimayi, Najah al-Attar, kuyambira 2006, ndipo mu 2016 linaika Hadiya Abbas kukhala sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bungwe lofufuza la United Nations linatulutsa lipoti mu 2018 lofotokoza mmene asilikali ndi apolisi achinsinsi a bomalo ankagwiririra amayi m'ndende, pamalo otchingira magalimoto ndi pofufuza m'nyumba za anthu. Lamulo la unzika la 1969 limakaniza mayi wa ku Syria kupatsira ana ake unzika ngati bambo wawo ndi wakunja. Ndime ya lamulo imene inkachepetsera chilango mwamuna wopha mkazi kapena mlongo wake ponena kuti wachititsa banja manyazi inangochotsedwa mu 2020. Choncho boma latsopanoli silinapeze amayi pabwino ayi. Funso ndi lakuti, kodi lichotsa goli lakalelo, kapena liwonjezerapo lina?

Pakamwa pokha, malonjezo alipo. Al-Sharaa anauza wailesi ya BBC mu Disembala 2024 kuti Syria sidzakhala Afghanistan, ndipo ananena kuti m'mayunivesite a ku Idlib ophunzira achizimayi amaposa 60 pa 100 alionse. Kumapeto kwa mwezi womwewo anasankha Maysaa Sabreen kukhala mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, mayi woyamba pa udindowo. Sanathepo ndi miyezi inayi, m'malo mwake munalowa mwamuna. M'masiku omwewo mneneri wa boma, Obaida Arnaout, ananena pa kanema kuti chibadwa cha mkazi sichigwirizana ndi maudindo ena monga unduna wa zachitetezo. Mayi amene anaikidwa kuyang'anira ofesi ya za amayi, Aisha al-Dibs, nayenso anati amayi asapitirire malire a chilengedwe chimene Mulungu anawapatsa, ndipo sadzapereka mpata kwa amene akutsutsana ndi maganizo ake. Amene anayenera kuwalankhulira ndi amene anayamba kuwatseka pakamwa.

Tiyeni tiwerenge mipando, chifukwa manambala sanama. Pa anthu 7 amene anakonza msonkhano wa zokambirana za dziko mu Febuluwale 2025, amayi anali 2. Pa nduna 23 zimene zinalumbiritsidwa pa 29 Malichi 2025, mayi anali mmodzi yekha, Hind Kabawat, Mkhristu, amene anapatsidwa unduna wosamalira anthu ndi zantchito. Pa chisankho cha aphungu cha pa 5 Okutobala 2025, chimene sanavote ndi anthu onse koma magulu osankhidwiratu, pa mipando 119 imene inalengezedwa amayi anapata 6. Limeneli ndi dziko limene amayi ena anayamba kuvota mu 1949, ife tisanalandire n'komwe ufulu wodzilamulira. Ngakhale komiti ya ku Geneva yokambirana za malamulo a dziko, imene inakhazikitsidwa mu 2019 nkhondo ili m'kati, inali ndi amayi pafupifupi 30 pa 100 alionse. Nkhondo yatha, chiwerengero chatsika.

Malamulo ogwirizira oyendetsera dziko, amene al-Sharaa anasaina pa 13 Malichi 2025, akulonjeza mayi ufulu wa maphunziro ndi wa ntchito, ndipo zimenezo tiziyamikire. Koma malamulo omwewo akuti chiphunzitso cha malamulo a Chisilamu ndiye gwero lalikulu la malamulo onse a dziko, ndipo akupatsa pulezidenti zaka zisanu zolamula popanda chisankho, mphamvu yosankha yekha gawo limodzi mwa magawo atatu a aphungu, komanso yosankha oweruza a khothi loona za malamulo a dziko. Apa ndipemphe abale athu Achisilamu andimvetse. Vuto si chipembedzo. Pakistan inasankha Benazir Bhutto mu 1988, Indonesia inalamulidwa ndi Megawati Sukarnoputri kuyambira 2001, ndipo Tunisia inaletsa mitala ndi kupatsa mkazi ufulu wosudzula kukhothi mu 1956. Onsewa ndi mayiko a Asilamu. Amayi ambiri amene akumenyera ufulu ku Syria ndi Asilamu opemphera, ovala hijabu mwa kufuna kwawo. Vuto ndi lakuti womasulira chiphunzitsocho ndi ndani. Ngati omasulira onse ndi amuna a gulu limodzi, osankhidwa ndi munthu mmodzi, ndiye kuti mayi akaponderezedwa alibe kokadandaula.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi nkhani ya amayi obedwa. Mu Malichi 2025, m'zigawo za m'mphepete mwa nyanja, ku Latakia ndi Tartus, anthu oposa 1,400 anaphedwa m'masiku ochepa, ambiri mwa iwo a mtundu wa Alawite, gulu lachipembedzo limene Assad amachokera. Chiwerengerochi n'cha komiti ya boma lenilenilo. Miyezi yomweyo amayi ndi atsikana a mtunduwu anayamba kusowa. Wina watuluka kupita kusukulu, wina kuchipatala, wina kukaona mbale, masana dzuwa likuswa mtengo, osabwereranso. Patapita masiku foni imalira kunyumba, nambala yachilendo, wina akufuna ndalama za dipo. Bungwe la Amnesty International linanena mu Julayi 2025 kuti linalandira malipoti odalirika a amayi ndi atsikana osachepera 36 obedwa motere, ndipo linafufuza mozama nkhani 8. Linapeza kuti pafupifupi m'nkhani zonsezo apolisi sanafufuze mokwanira, ndipo pena ankaloza chala banja lomwe labwera kudzadandaulalo. Taganizani bambo wayenda ulendo kupita kupolisi, chithunzi cha mwana wake chili m'manja, ndipo wapolisi akumuuza kuti mlandu ndi wake. Mu Novembala 2025 unduna wa zam'dziko unalengeza kuti pa madandaulo 42 amene unaunika, limodzi lokha ndi limene linali kubedwa kwenikweni, ndipo ena mwa otsalawo akuti anathawa ndi zibwenzi kapena mavuto a m'banja. Yankho limeneli likundiwawa mtima. Boma likanena choncho, likuuza wakuba aliyense kuti apitirize, ndipo likuuza mtsikana aliyense kuti asatuluke m'nyumba. Palibe lamulo lomuletsa kupita kuyunivesite, koma sapita, chifukwa makolo ake akuopa. Ufulu ukhoza kutha motere popanda aliyense kusaina pepala.

Palinso amayi ena amene nkhani zawo zinangomveka sabata imodzi. Ndende ya Sednaya itatsegulidwa Assad atagwa, tinawaona akuthamangira m'zipinda zamdima akuunikira ndi mafoni, akutola mapepala omwazika pansi kufuna dzina la mwamuna kapena mwana, kenako akumata zithunzi pa chipilala cha pabwalo la Marjeh mu Damascus. Anthu osowa m'dzikolo amaposa 100,000, ndipo ochuluka ndi amuna. Mkazi wa munthu wosowa sali pabanja, salinso wamasiye. Popanda chikalata cha imfa sangalandire chuma cha mwamuna wake, sangagulitse nyumba imene ili m'dzina la mwamunayo, ndipo malinga ndi lamulo la za banja la 1953, udindo wogamula zazikulu za ana umapita kwa achibale aamuna a kuchimuna. Ife a kuno sitifunika wotifotokozera zimene zimachitika mayi akatsala yekha pakati pa akuchimuna ndi katundu, poti mpaka tinachita kukhazikitsa lamulo la chuma cha masiye mu 2011. Boma la Syria linakhazikitsa bungwe loona za anthu osowa mu Meyi 2025, ndipo ndi chiyambi chabwino. Koma amayi amenewa, amene akudyetsa okha mabanja m'dziko limene anthu 9 pa 10 alionse ali paumphawi, akufunika lamulo lowazindikira lero kuti ndi mitu ya mabanja.

Kumpoto chakum'mawa, kumene anthu a mtundu wa Kurd anadziyendetsera zinthu kwa zaka zoposa khumi, amayi anapeza zimene sizinaonekepo m'dera limenelo. Udindo uliwonse waukulu unkakhala ndi atsogoleri awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo asilikali achizimayi a YPJ anathandiza kugonjetsa gulu la Islamic State ku Kobani ndi ku Raqqa. Pa 10 Malichi 2025 al-Sharaa ndi mtsogoleri wa asilikali a kumeneko, Mazloum Abdi, anasaina pangano loti chigawocho chibwerere pansi pa Damascus. Miyezi iwiri pambuyo pake, boma linapatsa udindo waukulu wa usilikali Abu Hatem Shaqra, mtsogoleri wa gulu limene likunenedwa kuti linapha mayi wandale wa chi Kurd, Hevrin Khalaf, mu Okutobala 2019, pomutulutsa m'galimoto pamsewu. Amayi a kumeneko akuona zimenezi ndipo akudziwa tanthauzo lake.

Ena adzati ndikuweruza msanga. Koma mbiri imatiuza kuti chitseko chimatsekedwa pang'onopang'ono. A Taliban atalowa mu Kabul, likulu la Afghanistan, mu Ogasiti 2021 analonjeza kulemekeza ufulu wa amayi motsata Chisilamu. Pofika Malichi 2022 atsikana anabwezedwa pazipata za sukulu za sekondale, ndipo mu Disembala chaka chomwecho mayunivesite anawatsekera. Ku Iran amayi anayenda nawo m'misewu pochotsa mfumu mu 1979, koma chaka chomwecho oweruza achizimayi, kuphatikizapo Shirin Ebadi, anachotsedwa pamipando yawo.

Komabe Syria sinafike pamenepo, ndipo sindikufuna kunamiza owerenga. Atsikana akupita kusukulu ndi kuyunivesite, amayi akugwira ntchito, ndipo palibe lamulo la dziko lonse lokakamiza hijabu. Chondipatsa chiyembekezo ndi amayi eni ake. Pa 19 Disembala 2024, patangopita masiku 11 boma litagwa, anthu mazanamazana, amayi ali patsogolo, anasonkhana pabwalo la Umayyad kufuna demokalase ndi ufulu wa amayi. Aisha al-Dibs atalankhula zija, mkwiyo unakula mpaka nduna yoona za kunja, Asaad al-Shaibani, inachita kulengeza kuti boma liima ndi amayi pa ufulu wawo. Shadi al-Waisi, wa zachilungamo uja, sanabwererenso mu nduna za mu Malichi 2025. Mabungwe amene amayi anawayambitsa m'zaka za nkhondo, monga Women Now for Development ndi Families for Freedom, anaphunzira kusunga umboni ndi kuyankhula pamaso pa akuluakulu, ndipo tsopano akugwira ntchito poyera m'dziko mwawo. Boma limeneli limabwerera m'mbuyo likaona kuti anthu akwiya ndipo akunja akuyang'ana, chifukwa likufuna ndalama zomangiranso dziko. Tsoka lake, European Union ndi America anayamba kuchotsa zilango zachuma mu Meyi 2025, ndipo chidwi cha akunja chikunka chichepa pamene amayiwa akuchifuna kwambiri.

N'chifukwa chake ndikupempha, a Mkonzi, kuti tsamba lanu la nkhani za kunja lisasiye Syria m'manja mwa zithunzi za atsogoleri akugwirana chanza. Pulezidenti anapatsidwa mipando 70 ya aphungu yoti asankhe yekha, ndipo pa mayina a osankhidwawo mutiwerengere kuti amayi ndi angati. Mutiuze ngati lamulo la unzika la 1969 lasinthidwa, ngati pali oweruza achizimayi m'makhothi akuluakulu, komanso ngati pali munthu ngakhale mmodzi amene wagamulidwa chifukwa choba mtsikana ku Latakia kapena ku Tartus.

Ndine wowerenga wanu,
Zomba