Ulendo wopita kopanda kanthu

Berlin, Loweruka usiku

Aise,

Moni wako ndaulandira. Ine ndili bwino, kungoti ntchafu zikuwawa ngati ndalima ekala. Unafunsa kuti masiku opuma ndimatani kuno. Ndikuuza, koma usandiseke.

Ndalowa kagulu ka anthu omwe Loweruka amapita kumalo amene palibe anawasankha. Amati geohashing. Anayambitsa ndi Randall Munroe, wa ku America wojambula makatuni a xkcd, mu 2008. Kompyuta imatenga deti n'kuliphatikiza ndi nambala yomwe Dow Jones (muyeso wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America) yatsegulira pamsika wa masheya ku New York, ikazisakaniza mwa masamu ake pamatuluka kadontho pamapu. Dziko lonse analidula m'mabokosi a digiri imodzi, makilomita pafupifupi 111 kuchoka kumpoto kufika kummwera, ndipo bokosi lililonse limapeza kadontho katsopano tsiku ndi tsiku. Bokosi lililonse limadziwika ndi manambala a madigiri ake pamapu, lathu la Berlin ndi 52, 13. Poti kuno kumacha a ku New York akadali m'tulo, timagwiritsa ntchito nambala ya dzulo lake.

Lero kanagwera m'nkhalango ya paini ku Brandenburg, dera lozungulira Berlin. Sitima, kenako njinga, kenako wapansi chifukwa mchenga unakana matayala. Foni m'manja, mamita akutsika: 40, 12, 3. Apa ndiye pamavuta, GPS imayamba kudumphadumpha. Ukadationa anthu asanu akuluakulu, mitu pansi, tikupita uku n'kubwerera uku ngati nkhuku yofuna poikira. Titafika pa ziro tinapezapo chiyani? Chitsa ndi nyerere. Basi. Bambo wina wa imvi anatulutsa fulasiki, tinamwa tiyi chiimire, 4 koloko itakwana tinajambulitsa, aliyense n'kuona msana wa njira.

Poyamba ndinkati izi n'za anthu okhuta. Kwathu munthu sadzuka n'kungoyenda. Ndi kuchigayo, kumaliro kapena kokongola ndalama. Komatu miyezi itatu yokhayi ndadutsa timidzi tomwe anzanga obadwira konkuno sanatimvepo n'komwe, ndipo Chijeremani changa chochepachi ndachiphunzirira m'njira, pofunsa madzi. Kadontho kakagwera mumpanda wa eni sitilowa, timaima pachipata n'kuvomereza kuti lero zakanika. Mwezi watha kanagwera pakati pa nyanja, tinangokayang'ana tili kumtunda.

Ndinaona kuti Zomba ili m'bokosi la -15, 35, limodzi ndi nyanja ya Chilwa, ndiye masiku ena ungafunike bwato. Ukafuna kuyesa usapite wekha, ndipo uyambe wadzera kwa amfumu. Mlendo woima m'munda wa eni akuloza foni pansi, utamufotokozera ndani? Za anamapopa zija za 2017 anthu sanaiwale.

Upereke moni kwa amayi ndi alamu. Wobwera kuno akapezeka, usaiwale usipa ndi kaufa pang'ono. Wa kuno nsima yake siigwira.

Ndine mnzako uja wa kuchisanu.