Wojambula maliro a mwana wa eni atiuze anapindulanji

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zimene zinachitika kuno ku Kasungu sabata yatha. Nkhani ya mnyamata wa Fomu 3 amene anadzipha uja aliyense waimva, ndipo za iye sindinenapo kanthu, maliro ali ndi eni ake. Amene wandiwawitsa mtima ndi munthu wamkulu, wandevu zake, amene anafika pamalopo n'kusolola foni, kujambula, n'kuponya chithunzicho pa WhatsApp mayi a mwanayo asanabwereko n'komwe kudimba.

Zikomo kwambiri, bambo mtolankhani wathu, mwagwira ntchito kwabasi. Dzuwa lisanalowe chithunzi chanu chinali chitafika ku Santhe, ku Nkhamenya mpaka kwa abale ali ku Joni. Pa gulupu ya mpingo chinalowa, pa ya makolo a pasukulu chinalowa, ngakhale pa ya kalabu yathu ya fodya imene tinatsegula kuti tiziuzana mitengo ya ku Chinkhoma. Pansi pake ndemanga mbwee: wina akuti ndi chibwenzi, wina akuti ana amakono ndi ofooka, wina n'kuikapo tinkhope toseka. Amalume ake a mwanayo anadziwira pa foni ya kondakitala mu minibasi. Kwathu kuno uthenga wa maliro umayamba wafika kwa amfumu, n'kutumidwa anthu okauza abale mwaulemu. Munthu wotereyu amfumu akanamulipitsa mbuzi, pamodzi ndi aliyense amene anatumiza chithunzicho kwina.

Nanga anzake a m'kalasi amene achiona usiku ali okhaokha pamphasa, mwawaganizira? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo imfa yotereyi ili m'gulu la zimene zikutenga kwambiri achinyamata a zaka 15 mpaka 29. Mu 2021 bungweli linatulutsa ndondomeko yotchedwa LIVE LIFE, ndipo mwa mfundo zake muli yakuti nkhani zotere zizifalitsidwa mosamala, chifukwa zithunzi ndi kufotokoza njira zimakopa ena amene ali kale m'mavuto. Inu a nyuzipepala ndi a wailesi mfundoyi ikukukhudzaninso. Mwana sadzipha pa chifukwa chimodzi chokwana pa mutu wa nkhani.

Pamene ife tikujambula, anzathu anachitapo kanthu kalekale. Ku Sri Lanka, dziko la alimi ngati ife, boma linaletsa mankhwala ophera tizilombo amene ali oopsa kwambiri, ndipo pakati pa 1995 ndi 2015 chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse. Kumunda zokolola sizinagwe ayi. South Korea nayo inaletsa mankhwala ena a udzu pofika 2012 ndipo imfa zinachepa. Nzeru yake ndi yapafupi: maganizo oipawo nthawi zambiri amabwera n'kupita, ndiye chiphe chikakhala patali munthu amafika m'mawa ali moyo. Kuno mankhwala a makoswe ali m'timapepala pamsika, pambali pa tomato ndi bonya, mwana wa Sitandade 6 amagula popanda womufunsa kuti watumidwa ndi ndani. Botolo la mankhwala a fodya timasunga kuseri kwa chitseko.

Ndiye pali mantha amene gawo 229 la Penal Code, lija anatisiyira atsamunda, linadzala m'midzi: kuti woyesa kudzipha ndi wa kupolisi osati kuchipatala. Makolo amabisa mwana m'nyumba mpaka lero. Eni ake lamulolo ku England analitaya mu 1961, Ghana mu 2023, ndipo ku Kenya khoti linalikana mu 2025. Aphungu athu, muli pati pa nkhaniyi? Ndipo chithandizo cha matenda a m'maganizo chisamangomveka ku Zomba ndi ku St John of God, ngati kuti mayi wa kwa Chamama ali ndi thiransipoti yokafikira kumeneko.

Mwachidule, malo angandithere: oyang'anira magulupu fufutani chithunzicho lero lomwe, a bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo la Pesticides Control Board tithandizeni kuyendera misika ya kumidzi, ndipo aphunzitsi aakulu lembani nambala yaulere ya ana, 116, pa bolodi la kalasi iliyonse.

Kholo lokhumudwa,
Kasungu